Kodi akazi anali kuti pamene magulu a okonda nkhani zopeka za sayansi ankayamba?

Mphunzitsi wa ku Luchenza

Moni nonse. Pasukulu ina ya sekondale kuno ku Luchenza pali kalabu yowerenga, ndipo teremu ino ana akuwerenga nkhani zopeka za sayansi, zija za maulendo a kumlengalenga, maloboti ndi dziko la m'tsogolo. Anyamata akulimbikira kuti zimenezi ndi za amuna kuyambira kalekale, atsikana angolowamo posachedwapa. Zolembedwa zambiri za mbiri yake zikukhala ngati zikuwavomereza, chifukwa mayina ake ndi a amuna okhaokha. Sindikufunsa za alembi otchuka, koma za owerenga wamba amene ankapanga makalabu, timagazini ndi misonkhano. Kodi akazi analipo? Anachita chiyani, chaka chiti? Nanga ngati analipo, mayina awo anasowa bwanji? Kalabuyi ikufunanso kutulutsa kamagazini kake, ndiye malangizo alionse ndi olandiridwa.

Wosunga mabuku, Mulanje Boma

Aphunzitsi, analipo, ndipo umboni wake ndi wolembedwa papepala.

Maguluwa anabadwira m'makalata. Mu 1926 Hugo Gernsback anayambitsa magazini ya Amazing Stories ku America, ndipo posakhalitsa anayamba kusindikiza makalata a owerenga pamodzi ndi keyala ya aliyense. Owerengawo anayamba kulemberana okhaokha, kenako kupanga makalabu. Mu 1930 ku Chicago kunatuluka The Comet, kamene ambiri amati ndiko fanzine yoyamba, kutanthauza kamagazini kolembedwa ndi owerenga eniake, kopanda cholinga cha phindu.

Dzina loyamba loti ana alidziwe ndi Myrtle R. Douglas wa ku Los Angeles, amene anzake ankamutchula Morojo. Msonkhano woyamba wa Worldcon, wosonkhanitsa okonda nkhanizi a m'maiko osiyanasiyana, unachitikira ku New York mu Julaye 1939. Morojo anafika ndi Forrest J Ackerman onse atavala zovala za anthu a m'tsogolo, ndipo amene anazilingalira ndi kuzisoka anali Morojo. Mwambo wovala ngati anthu a m'nkhani, umene lero umatchedwa cosplay, ambiri amauwerengera kuyambira tsiku limenelo. Komabe kwa zaka zambiri chithunzi chimene chinkazungulira chinali cha Ackerman, ulemu nkumapita kwa iye. Morojo anali mkonzi mnzake wa Ackerman pa kamagazini ka Voice of the Imagi-Nation, komanso ankatulutsa kamagazini kakekake kotchedwa Guteto, ka okonda chinenero cha Esperanto, kuyambira 1941 mpaka 1958.

Wachiwiri ndi Lee Hoffman. Mu 1950, ali ndi zaka 18, anayamba kutulutsa Quandry ali ku Savannah, m'chigawo cha Georgia, ndipo kanali kamodzi mwa timagazini tokondedwa kwambiri pa nthawiyo. Dzina lake lobadwa nalo linali Shirley, koma polemba ankasaina Lee. Owerenga ambiri anangotenga kuti ndi mwamuna, mpaka pamene anaonekera pa Worldcon ya ku New Orleans mu 1951. Nkhani imeneyi ikuyankha mbali ya funso lanu lachitatu. Ngati anthu amene ankalemberana naye mwezi ndi mwezi sanadziwe kuti ndi mtsikana, wofufuza wobwera patapita zaka 50, amene akungoona mayina pamndandanda, angadziwe bwanji? Chimodzimodzi aliyense amene ankasaina ndi zilembo zoyambirira za dzina lake zokha: owerengera ankamuika kumbali ya amuna osafunsa.

Ena ndingowatchula mwachidule. Julian May anatsogolera Worldcon ya ku Chicago mu 1952 ali ndi zaka 21, mkazi woyamba kutero. Elinor Busby ndiye mkazi woyamba kupata mphoto ya Hugo, imene imaperekedwa pa Worldcon, mu 1960, monga mmodzi mwa akonzi a kamagazini ka Cry of the Nameless ka ku Seattle. Ku Britain, Ethel Lindsay, namwino wa ku Scotland, anatulutsa kamagazini ka Scottishe kwa zaka zambiri, ndipo mu 1962 anzake anamusankha kuti akawaimirire ku America kudzera m'thumba la zopereka lotchedwa TAFF. Ella Parker anatsogolera Worldcon ya ku London mu 1965.

Mbiri yoyamba yaitali ya maguluwa inalembedwa ndi Sam Moskowitz, nituluka ngati buku mu 1954. Mbali yaikulu ndi mikangano ya anyamata a makalabu, makamaka a ku New York: uyu anathamangitsa uje, awa anapatukana ndi awo. Wolemba mbiri akasankha kuti mikangano ya atsogoleri ndiyo nkhani, munthu amene ankasoka, kutayipa ndi kusunga ndalama za kalabu salowamo. Olemba a pambuyo ankatapa m'mabuku oterewa, mpata uja nkumangopitirira.

Wosindikiza wa ku Thyolo

Ndiwonjezerepo za ntchito yeniyeni ya manja, chifukwa munthu sangamvetse chimene chinaiwalika ngati sadziwa mmene kamagazini kankapangidwira. Makina ake ndi omwe aja a Gestetner amene sukulu zathu zinkasindikizira mayeso fotokope isanafale. Ku America ankawatchula mimeograph.

Tsamba lililonse limafuna sitensulo yakeyake, pepala lopyapyala lokutidwa ndi phula. Umalowetsa m'taipilaita utachotsa riboni, kuti chilembo chachitsulo chizidula phulalo mwachindunji. Ukamenya mofooka, inki sidutsa bwino ndipo mawu amatuluka otuwa. Ukamenya mwamphamvu, pakati pa zilembo monga o ndi e pamabooka, papepala nkutuluka kadontho kakuda. Phula limamatiranso m'zilembo, choncho umafunika kuzitsuka ndi kaburashi pafupipafupi. Ukalakwitsa, umapaka mankhwala okonzera ooneka ngati utoto wa m'zikhadabo, kudikira aume, nkutayipanso pomwepo. Anthu a m'maguluwa ankawatchula corflu. Zithunzi zinkajambulidwa pamanja pa sitensulo yomweyo ndi kachitsulo kosongoka, ndipo dzanja likaterereka sitensulo yang'ambika, tsamba lonse kuyambiranso.

Ikatha, sitensulo imamangidwa pamakina, inki nkupakidwa, munthu nkumapukusa chogwirira. Tiyerekeze kamagazini ka masamba 24, makope 150. Ndi masitensulo 24, kupukusa ka 3,600, mapepala 1,800, pafupifupi malimu anayi. Inki yake siuma msanga, ndiye ikachuluka imadinda kumbuyo kwa pepala lotsatira, ndipo osamala ankalowetsa pepala lopanda kanthu pakati pa lililonse nkudzalichotsa pambuyo. Pepala likakoka chinyezi, monga limachitira kuno nthawi ya chiperoni, makina amakoka awiriawiri kapena kulikwinya. Kenako kusanja masamba mozungulira tebulo, kumenya masitepulo, kulemba makeyala 150 pamanja, kumata masitampa, ulendo wa kupositi.

Tsopano onani chikuto. Pamalembedwa dzina la mkonzi, nthawi zambiri limodzi. Amene anatayipa ndi kupukusa, akatchulidwa nkomwe, ali m'mzere wothokoza wa zilembo zing'onozing'ono, mwina ngati "mkazi wanga" basi. Zili ngati paukwati: amene analankhula pa maikolofoni aliyense akumukumbukira, koma amene anagona kumoto akuphika palibe analemba mayina awo. Olemba makatalogi a m'malaibulale amakopera zimene zili pachikuto, ndiye kuiwalako kumakhazikika pamenepo.

Chitsanzo chabwino ndi fanzine ya Yandro ya ku Indiana, imene inatuluka kuyambira 1953 mpaka 1986 ndipo inapata Hugo mu 1965. Ambiri amaitchula ndi dzina la Buck Coulson. Koma amene anaiyambitsa ndi Juanita, asanakwatirane ndi Buck, ikutchedwa EISFA, ndipo ndiye amene ankajambula pamasitensulo ndi kuyendetsa makina. Mphotoyo analandira onse awiri, koma pokamba anthu amafupikitsa, ndipo dzina logwa limakhala la mayi.

Mayi wa ku Chitakale

Achimwene a ku Thyolo afotokoza bwino za manja obisika. Ine ndikambe za nthawi imene akazi sanali obisika konse, anali patsogolo penipeni, koma mbiri yawo nkuikidwa pambali.

Sewero la maulendo a kumlengalenga la Star Trek linayamba kuonetsedwa pa wailesi ya kanema ya NBC mu 1966. Mu Seputembala 1967, Devra Langsam ndi Sherna Comerford anatulutsa Spockanalia, fanzine yoyamba ya okonda seweroli, yosindikizidwa pa makina omwe aja. Munali ndakatulo, nkhani zofotokozera komanso zopeka zogwiritsa ntchito anthu a m'seweromo. Timagazini ta mtundu umenewu tinachuluka zedi m'zaka za m'ma 1970, ndipo olemba, akonzi ndi ojambula ake ambiri anali akazi.

Zitamveka kuti NBC ikufuna kuthetsa seweroli litatha chaka chachiwiri, Bjo Trimble ndi mwamuna wake John anakonza zoti anthu alembe makalata, kumapeto kwa 1967 kulowa mu 1968. Chimene ana angaphunzirepo ndi luso lake. Malangizo a Bjo ankati munthu aliyense alembe kalata yakeyake, chifukwa chikalata chimodzi cha masaini ambiri sichilemera ngati makalata osiyanasiyana. Ankati alembe mwaulemu, popanda kuopseza. Ankatinso pa envelopu asalembepo dzina la sewerolo, chifukwa kalata yotere ikanatumizidwa kwa opanga sewero osatsegulidwa, akuluakulu a NBC osaiona. Sewerolo linapatsidwa chaka chachitatu, magawo onse nkufika 79, okwanira kuti mawailesi ena aziligula nkumalionetsanso, ndipo kutchuka kwake kwenikweni kunabwera pa kuonetsanso kumeneko. Bjo yemweyo ndiye anali atayambitsa chionetsero cha zojambula pa Worldcon mu 1960, chimene chinakhala mwambo.

Mu Januwale 1972 panachitika msonkhano waukulu wa okonda Star Trek ku hotela ya Statler Hilton ku New York. Mu komiti yokonza munali Joan Winston, Devra Langsam, Elyse Pines ndi ena. Ankayembekezera anthu 500, kunabwera oposa 3,000. Mu 1975 Kandy Fong anasanja zithunzi zodulidwa ku filimu ya seweroli nkumazionetsa pakhoma motsatana ndi nyimbo ya pa kaseti, ndipo timakanema tosakaniza timene achinyamata amapanga pafoni lero mizu yake ina ili pamenepo.

Nanga bwanji zonsezi sizipezeka m'mbiri zakale? Ambiri a m'makalabu akale a mabuku ankawaderera obwera kumenewa, kuti ndi okonda za pa TV chabe, osati owerenga enieni. Mbiri inagawika pawiri, ndipo mbali imene inali ndi akazi ambiri inatengedwa ngati yosafunika kulembedwa. Apa ndiye pamene pamandipweteka kwambiri, chifukwa palibe amene anganene kuti mayina sankadziwika.

Ngakhale mkati mwa makalabu a mabuku momwemo, akazi anayenera kudzitsegulira okha malo. Janice Bogstad ndi Jeanne Gomoll anayendetsa fanzine ya Janus ku Madison, Wisconsin, imene inayamba mu 1975. Susan Wood wa ku Canada, amene anapata Hugo katatu monga mlembi wa m'timagazini, anakonza zokambirana za akazi ndi nkhani za sayansi pa Worldcon ya ku Kansas City mu 1976. Msonkhano wa WisCon, wokamba za akazi ndi nkhani za sayansi, unayamba mu 1977. Mu 1987 Gomoll analemba kalata yapoyera kwa mlembi Joanna Russ, kudandaula kuti anthu ayamba kale kukamba za zaka za m'ma 1970 ngati nthawi yogona imene sipanachitike kanthu. Taonani, zaka 10 zokha zinali zitakwana kuti kuiwala kuyambe, eniake ambiri ali moyo. Mu 1991 Pat Murphy ndi Karen Joy Fowler analengeza mphoto ya Tiptree, ya nkhani zounika za ukazi ndi umuna, pa WisCon, ndipo ndalama zake zina zinkachokera kogulitsa makeke ophika okha. Kuyambira 2019 imatchedwa Otherwise Award.

Za pa intaneti: mu Meyi 2007 LiveJournal, webusaiti imene anthu ankalembapo nkhani zawo, inatseka maakaunti mazanamazana mwadzidzidzi, ena mwa iwo a olemba nkhani za mtunduwu, ndipo mu 2009 GeoCities, imene inkasunga masamba a pa intaneti a anthu wamba, inatsekedwa pamodzi ndi masamba osawerengeka. Naomi Novik, Francesca Coppa ndi anzawo, ambiri akazi, anakhazikitsa Organization for Transformative Works mu 2007, nkumanga nkhokwe yawoyawo ya nkhani pa intaneti, Archive of Our Own, imene inatsegulidwa kwa anthu mu Novembala 2009. Inapata Hugo mu 2019 ku Dublin. Anali ataona kuti zimene wasungitsa pamalo a mwini wake zimatha tsiku limene mwiniyo wafuna.

Bambo wa ku Bvumbwe

Zonse zanenedwazi ndi zoona, koma aphunzitsi samalani kuti ana asachoke ku bodza lina nkulowa ku lina. M'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 amuna ndiwo anali ochuluka m'makalabuwa, ndipo mnyamata wochenjera akakapeza chithunzi cha msonkhano wa 1939 adzakuonetsani. Mfundo yolimba ndi yakuti akazi analipo kuyambira pachiyambi, anachita zoposa zimene zinalembedwa, ndipo kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960 m'magulu ena ndiwo anali ambiri.

Dzina palokha si umboni, ndipo zimenezi zimadula mbali zonse. Ku Britain mu 1954 kunayamba Femizine, kamagazini ka akazi, ndipo mkonzi wake ankatchedwa Joan Carr. Mu 1956 zinaululika kuti Joan Carr kunalibe: anali mwamuna, Sandy Sanderson, amene ankalemba ndi dzina lopeka. Akazi enieni amene ankalembamo, monga Ethel Lindsay, ndiwo anatsala ndi chipwirikiticho.

M'malo mowauza ana mayankho, apatseni ntchito. Pa fanac.org pali timagazini takale tambiri tojambulidwa tsamba ndi tsamba, taulere. Kopani tiwiri kapena titatu kamodzi kokha pamene netiweki ili bwino, nkusindikiza masamba atatu okha pa kalikonse: la mkati mwa chikuto pamene pali mayina a ogwira ntchito, la mawu a mkonzi, ndi la makalata a owerenga. Gulu lililonse lijambule tebulo la mizati inayi: dzina monga lalembedwera, ntchito imene munthuyo anagwira, nambala ya tsamba, ndi umboni woti ndi mkazi kapena mwamuna. Pa mzati wachinayiwo mayankho akhale atatu, lachitatu likhale "sizikudziwika". Cholakwika chachikulu ndi kuponya osadziwikawo kumbali ya amuna, zomwe zija zinachitikira Lee Hoffman. Mayina okayikitsa akawafufuze pa Fancyclopedia kapena pa Fanlore, mawebusaiti osunga mbiri ya maguluwa.

Achenjezeninso za mayina a pabanja. Hugo ya 1973 ya kamagazini ka Energumen inalembedwa Susan Wood Glicksohn, chifukwa panthawiyo anali pabanja ndi Mike Glicksohn. Lee Hoffman m'malo ena amapezeka ngati Lee Shaw. Julian May anzake ankamutchula Judy May, ndipo atakwatiwa ena ankalemba Judy Dikty. Wosadziwa amawerenga anthu awiri amene aliyense anachita zochepa, pamene ndi munthu mmodzi amene anachita zambiri.

Ndipo musalekere ku America kokha. Magazini ya pa intaneti ya Omenana, imene imasindikiza nkhani zotere za alembi a mu Africa, inayambitsidwa ku Nigeria mu 2014 ndi Chinelo Onwualu ndi Mazi Nwonwu, ndipo Ekari Mbvundula wa kuno ku Malawi nkhani yake inatulukamo. Mphoto za Nommo, za nkhani zotere za alembi a mu Africa, zinayamba kuperekedwa mu 2017.

Mphunzitsi wa ku Luchenza

Zikomo kwambiri nonse, tebulo la mizati inayi lija tiyamba nalo sabata yamawa. Chatsala ndi kamagazini kathu. Tingakapange bwanji kuti mayina asadzasowe, komanso kuti mapepala asaonongeke ndi chinyezi cha kuno?

Wosunga mabuku, Mulanje Boma

Yambani ndi kakang'ono. Mapepala anayi a A4 opindidwa pakati amapereka masamba 16, ndipo makope 30 amadya mapepala 120. Masamba azikhala ogawika ndi 4 nthawi zonse. Pa pepala lakunja, mbali imodzi pakhale tsamba 16 kumanzere ndi 1 kumanja, mbali inayo 2 kumanzere ndi 15 kumanja, choncho mpaka mkati. Pindani mapepala opanda kanthu kaye, lembani manambala ndi pensulo, nkuwamasula kuti muone dongosolo musanawononge ndalama.

Tsamba 2 lisungidwe la mayina okha, m'kope lililonse, ngakhale malo atachepa. Lembani dzina lathunthu la aliyense ndi ntchito yake yeniyeni: wotayipa, wowerenga zolakwika, wojambula, wosanja masamba, wosoka, wotolera ndalama, wopita nako ku fotokope. Mawu akuti "ndi anzake" kapena "komiti" asaloledwe. Pakhalenso tsiku, mwezi, chaka, malo ndi nambala ya kope. Wofuna dzina lopeka aloledwe, koma dzina lenileni lilembedwe m'buku la maminitsi. Ntchito zizisinthana kope ndi kope. Mukazisiya kuti zidzigawe zokha, mudzapeza mnyamata ali mkonzi teremu yonse, atsikana ali osanja masamba.

Chithunzi chilichonse chilembedwe mayina kuchokera kumanzere kupita kumanja tsiku lomwelo, kumbuyo kwake ndi pensulo, chifukwa bolopeni imadinda mpaka kutsogolo. Poti ndi ana asukulu, makolo avomereze kaye chithunzi chisanapite pa intaneti.

Pa za chinyezi, sindikizani pa fotokope kapena pa printa ya laser. Inki yamadzi ya maprinta ang'onoang'ono imayenderera ikangokhudzidwa ndi dontho. Masitepulo amachita dzimbiri nkudya pepala pamene agwira, ndiye makope osungawo asokedwe ndi ulusi pa mabowo atatu pamzere wopinda. Selotepi ndi malabala musayandikize, zimasiya banga ndi kumata. Musachite laminate kope losunga, chifukwa pulasitikiyo sichokanso popanda kung'amba pepala. Ikani makope atagona m'foda, m'bokosi, pa shelefu yokwera kuchoka pansi ndiponso yosagunda khoma lakunja, chifukwa chiswe ndi nkhungu zimayambira kumeneko. Jumbo yomanga siithandiza ngati pepala lalowamo lili ndi chinyezi kale, imangosunga nkhunguyo mkati. Tsegulani bokosi kamodzi pamwezi nyengo ya mvula, tsiku la dzuwa, muyanike mapepala pamthunzi podutsa mphepo.

Kope lililonse lijambulidwe pa sikana pa 300 dpi, lisungidwe ngati PDF, dzina la failo likhale ndi chaka, mwezi ndi nambala ya kope. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati document, chifukwa mukatumiza ngati chithunzi imachepetsa ubwino wake ndipo zilembo zing'onozing'ono, zomwe ndi za mayina zija, sizimawerengeka. Failo ikhale m'malo atatu osiyana: pa kompyuta ya sukulu, pa flash imene akusunga aphunzitsi, ndi pa imelo ya kalabu osati ya mwana mmodzi amene adzachoke akalemba MSCE. Makope a papepala osunga akhale atatu: lina ku laibulale ya sukulu, lina kwa aphunzitsi oyang'anira kalabu, lina litumizidwe ku National Archives ku Zomba, kumene kumasungidwa zosindikizidwa za m'dziko muno.